A Tionenso ndi Khutu Lakumanja

Dzina loti a Tionenso analipata pa mashini osokera. Ukapita kwa iwo kukasoketsa thalauza, ankakuyesa m'chiuno, kulemba m'buku, kenako n'kuiyang'ana nambalayo ngati yawatukwana. "Tionenso," ankatero, tepi n'kukuzunguliranso. Pofika kachitatu unkakhala utatopa kubweza mimba, ndipo apo ndi pamene ankapeza muyeso weniweni. Anthu ankang'ung'udza ndithu, koma palibe amene anabwezapo chovala.

Za ndege zinabwera ndi mkamwini wawo. Anabweretsa kandege koyendera rimoti, akuti n'ka mdzukulu. Mdzukuluyo sanakakhudze n'komwe. Agogo akewo anakaika patebulo lodulirapo nsalu, analumikiza batire asanayatse rimoti, pulopela n'kungodzuka yokha kuti fyuu! Chala chachikulu chakumanja, chogwirira sizasi chija, magazi chuchuchu. Anakhala masabata atatu osasoka. Wina akanakataya kudzala kandegeko, koma iwo anatenga buku la miyeso, kulitembenuza, n'kulemba kumapeto kwake kuti: "Lamulo loyamba: rimoti iyambe kuyaka, batire pambuyo."

Patha zaka khumi ndi zisanu, ndipo malamulo aja anafika makumi awiri ndi atatu. Anapezanso anzawo awiri amatenda omwewo: a Mawailesi, munthu wofatsa wokonza mawailesi pamsika, ndi a Dalaivala, amene anabadwa ndi phuma. Loweruka lililonse m'mawa atatuwa ankakumana pabwalo lakale la mpira kuseri kwa fakitale ya matabwa, ndipo ndege iliyonse inkayenera kudutsa m'buku la a Tionenso isananyamuke.

Abale inu, unali mwambo wautali! Ankayamba n'kuponya kaulusi m'mwamba kuti aone kolowera mphepo. Kenako kugwedeza mapiko, kukunga timabawuti, kunyamula ndegeyo pa zala ziwiri kuti aone ngati sikulemera kumchira, kuyenda mapazi makumi atatu ndi rimoti kuti aone ngati ikumvabe patali. A Dalaivala anafika pomabwera ndi mpando ndi nyuzipepala. "Kuthamanga si kufika, achimwene," a Tionenso ankawauza, ali gwa pa tsamba lachiwiri.

Lamulo lakhumi ndi chiwiri linali la maso: wosaona bwino asaulutse. Mayeso ake anali osavuta. Kutsidya kwa bwalo kunali khoma la fakitale, ndipo pakhomapo panalembedwa zilembo zofiira. Aliyense ankayenera kuziwerenga mokweza ataima pamzere. Choncho Loweruka lililonse amayi ogulitsa nthochi m'mphepete mwa bwalo ankamva azibambo atatu aulemu wawo akufuula mmodzimmodzi kuti, "Osakodza pano!" Poyamba ankagwa nako kuseka, koma anadzazolowera.

Lina linali la makutu. Makutu ndi dzina limene iwo anapatsa timapiko tating'ono ta kumbuyo kwa mapiko, timene timakhotetsa ndege. Ukakankhira kandodo ka rimoti kumanja, khutu lakumanja liyenera kudzuka, lakumanzere n'kugwa. Zikasemphana, ndege imapita kumene sunaitume, ndipo ukati uibweze ndi pamene umaimaliza.

Lomaliza ankalinyadira kwambiri: aliyense, kaya ndi mlendo, kaya ndi wogwira mchira, akakuwa kuti "Imani!" zonse ziime, popanda kukangana. Mawu amenewa anawagwera a Dalaivala kambirimbiri moti ana awo omwe anayamba kuwatchula a Imani. Koma a Tionenso palibe amene anali atawaimitsapo. Ndani angayerekeze kuimitsa mwini buku?

Wogwira mchira anali mayi a kunyumba kwawo. Poyesa injini pamafunika munthu wogwada kumbuyo kwa ndege, wogwira mchira kuti isathawe, ndipo mayiwo anagwira ntchitoyi kuyambira tsiku loyamba, mphepo ya pulopela ikuwavula duku. "Ine ndinakwatiwa ndi telala," ankadandaula, "za mchirazi ankhoswe sananene." Koma Loweruka likafika ankayamba ndi iwo kudzuka.

Tsono chaka chatha maso a a Tionenso anayamba kuchita ng'ala. Dziko linayamba kuoneka ngati akuliyang'anira m'katani. Kuchipatala anawauza kuti n'zochotseka, ayambe ndi diso lakumanja, ndipo anawapatsa kapepala ka tsiku. Iwo anakapinda n'kukabisa m'kadirowa ka mabatani. Ankaopa, tinene zoona. Munthu wosamudziwa, woyesa kamodzi kokha, alowetse mpeni m'diso lawo? Komanso ankadziwa kuti akangovomera za masowo, lamulo lawo lomwe liwalanda rimoti, ndipo Loweruka lopanda ndege sankadziwa kuti angalitani. Ndiye anangoti zii. Kushopu ankapeza singano zonse zili kale ndi ulusi m'mawa uliwonse, n'kumadzitama mumtima kuti amazikonzeratu madzulo, kungoti amaiwala.

Loweruka lina kunacha bwino, kamphepo kayaziyazi. A Tionenso anabwera ndi ndege imene anaikonda kuposa zonse, yachikasu, yomwe mapiko ake anawakuta okha ndi nsalu yotsala ya diresi la ukwati wa mwana wawo. Dzulo lake anali atapukuta rimoti ndi kaburashi, mpaka timasiwichi ta kumbuyo, kuti iwale.

Anaponya ulusi. Anagwedeza mapiko. Anayenda mapazi awo makumi atatu. Atafika pa lamulo la maso anaima pamzere, chifuwa patsogolo, n'kufuula ndi mphamvu zonse.

"Osakodza pano!"

Bwalo lonse linangoti chete. A Mawailesi anayamba kuyang'ana nsapato zawo, a Dalaivala anabisa nkhope m'nyuzipepala. A Tionenso anaganiza kuti ndi ulemu.

Anayatsa rimoti, analumikiza batire, mayi anagwada n'kugwira mchira. Anakankhira kandodo kumanja, timakina ta m'mapiko tinalira kuti dzii. Kumanzere, dzii. "Makutu ali bwino," anatero. Anakweza injini, duku la mayi linauluka monga mwa masiku onse, ndipo anatsegula pakamwa kuti alengeze kuti ikunyamuka.

"Imani!"

Chala chinabweza injini chokha, chifukwa chinazolowera. Koma mutu unatenga kanthawi kuti umvetse kuti mawuwo achokera kumchira.

"Mwati chiyani, amayi?"

"Ndati imani, bambo. Lamulo lomaliza. Munalemba nokha."

"Aa, chavuta n'chiyani? Makutu ayenda, ndawamva ine."

"Kuwamva mwawamva. Nanga kuwaona?" Mayiwo anadzuka, n'kusasa fumbi m'maondo. "Bweretsani rimotiyo kuno. Gwadani apa, muike manja pamakutupo."

Zaka khumi ndi zisanu a Tionenso anali asanagwadepo kumchira. Anagwada, maondo akulira kuti gwede, dzanja lamanja pa khutu lakumanja, lamanzere pa lakumanzere.

"Ndikukankhira kumanja tsopano," anatero mayi.

Dzii. Limene linadzuka, n'kuwakankha m'chikhatho, linali lakumanzere.

"Tionenso," anatero ndi mawu aang'ono.

Dzii. Lakumanzere lomwelo. Kaburashi kaja kanali katagunda kasiwichi kotembenuza makutu. A Tionenso anatembenukira kumene kunkamveka macheza a amayi a nthochi, ngakhale sankawaona bwinobwino. Mphepo ya tsikulo inkakankhira komweko, ndipo akanati aithawitse ndegeyo akanaiponya pakati pawo, pulopela ikuzungulira. Chala chawo chachipsera chinayamba kuyabwa.

"Komanso khoma lija analipenta Lachiwiri," anawonjezera mayi, osakweza mawu.

"Palembedwa chiyani?"

A Mawailesi anakhosomola kaye. "Palembedwa kuti, 'Timawotcherera mageti ndi mawindo.' Pali ndi nambala ya foni, achimwene."

"Ndiye nonsenu munangokhala duu, ine ndikufuula zokodza?"

"Ife timayesa mukungotichenjeza," anatero a Dalaivala.

Mayi mmodzi wa nthochi anaphulika nako kuseka, anzake n'kutsatira. A Tionenso anachita manyazi mpaka makutu awo enieniwo kutentha. Anachotsa batire m'ndege, kenako anazimitsa rimoti, motsatira ndondomeko ngakhale pa tsiku loipa chotero. Ali chigwadire anafunsa chapansipansi, kuti anzawo asamve.

"Amayi, singano zija za kushopu..."

"Mumayesa zimadzilowetsa zokha ulusi?"

A Tionenso anatseka buku lija n'kulipereka m'manja mwa mayiwo. "Lamulo lakhumi ndi chiwiri landigwira," anatero. "Kapepala ka kuchipatala kali m'kadirowa ka mabatani."

"Kali m'chikwama changa. Ndi Lachinayi likubwerali."

Lachinayi analowa m'chipatala atavala malaya otseguka kumsana, osokedwa moipa kwambiri moti anafuna kufunsa telala wake. Anakhala pabedi, mayi ali pambali atanyamula nsapato zawo. Panabwera namwino wachitsikana ndi pepala lalitali, n'kuwafunsa dzina, zaka, ngati adya kanthu, ngati pali mankhwala amene amawadana nawo, uku akuchonga mzere uliwonse. A Tionenso anayamba kusuzumira pepalalo.

"Mizere ilipo ingati pamenepo, mwanawe?"

"Makumi atatu ndi umodzi, agogo."

A Tionenso anagwedeza mutu mwansanje pang'ono.

"Diso lake ndi liti?" anafunsa namwino.

"Lakumanja."

Mtsikanayo anali ataima kutsogolo kwawo, cholembera m'manja. A Tionenso anapuma mokoka, chifukwa apa ndi pamene anthu amasokonezera, kumanja kwa wina n'kumanzere kwa mnzake. Koma namwinoyo anazungulira bedi, n'kukaima kumbuyo kwawo, n'kuwagwira phewa lamanja. "Mbali iyi?" Atavomera anawalemba kamtanda pamwamba pa nsidze. Kenako anaitana mnzake, n'kumupatsa pepala lija.

"Tionenso," anatero namwino wachiwiriyo. "Dzina lanu ndani, agogo?"

A Tionenso anatembenukira kwa mayi, nkhope yonse ili mwee. "Mwamva, amayi? Awatu ndi anthu athu!"

Atayamba kukankha bedi kulowera kuchipinda cha opaleshoni, a Tionenso anakweza dzanja. "Pepani, funso limodzi lokha. Kodi muno munthu akakuwa kuti imani, mumaima?"

"Timaima, agogo. Aliyense angathe kuimitsa."

"Ndiye mayiwa muwapatse mpando pafupi ndi chitseko," anatero, n'kugona chagada, manja pachifuwa.