Tsiku Limene Amalume Sanatsegule Okala

Kontena ija inali ya ayisikilimu, yoyera, chivindikiro chake chabuluu chothetheka pakona. Ayisikilimuyo sitinamulawe n'komwe. Amayi anaitenga ilibe kanthu kuntchito kwawo ku Queenswood, kumene ankachapa ndi kusita m'nyumba ya azungu. Kwathu inkasunga chilichonse: mchere, mabatani, nthawi zina ndiwo zotsala. Koma ine ndikaikumbukira ndimaiona ili pamiyendo panga mu takisi, yofunda kunsi, ikutulutsa fungo la samusa ndi anyezi wokazinga, m'mawa wina wozizira ndili mu giredi yachinayi.

Nthawi imeneyo tinkakhala kuno ku Joni, ku Mamelodi, kuseri kwa nyumba ya gogo wina wachipedi, m'tizipinda tiwiri tamalata toyang'anizana. Kena kanali kathu, ine ndi Amayi. Kenako kanali ka banja la mnzanga Asiyatu. Ife tinali a ku Balaka, opita kutchalitchi; iwo anali a ku Machinga, Asilamu. Mpopi unali umodzi, chingwe choyanikapo zovala chimodzinso, ndipo mwana akalakwa ankakalipiridwa ndi wamkulu aliyense amene wayandikira. Bambo ake a Asiyatu ndinkawatchula Amalume, ngakhale panalibe ubale wa magazi. Abambo anga anamwalira ndili wakhanda, choncho nsapato yanga ikang'ambika ankasoka ndi iwo, ndipo lipoti la kusukulu ankaliona ndi iwo Amayi asanaweruke.

Amalume anali ndi okala pakona pa msewu wathu, imene anthu akuno amati sipaza. Anayamba ndi katebulo ka maswiti, kenako n'kumanga ndi manja awo kachipinda kokhala ndi zenera la waya. Ankagulitsa buledi, palafini, makandulo, sopo wodula zidutswa. Sindinaionepo itatsekedwa tsiku lonse. Ngakhale Lachisanu ankangokhoma masana pokaswali, n'kubwerera msangamsanga.

Chaka chimenecho kuzizira kunabwera msanga. Madzi a pampopi ankaluma zala, ndipo m'mawa utsi wa malasha unkagona pamwamba pa malata osafuna kukwera. Panabweranso china chimene sindinkachidziwa dzina. Akuluakulu anayamba kunong'onezana, ndipo tikalowa ife ankatsitsa wailesi. Tsiku lina aphunzitsi anandiitana anzanga atatuluka, nandiuza kuti ndikauze Amayi kuti ndiyambe ndakhala kunyumba masiku angapo. Ndinaganiza kuti ndalakwa. Koma iwo anandikonza kolala ya juzi, n'kundiperekeza mpaka pageti la sukulu, chinthu chimene sanachitepo.

Amayi nawo anaika lamulo. “Ukatuluka pageti, Chichewa uzichisiya m'nyumba.”

Kwa Asiyatu lamuloli silinali lovuta. Iye anabadwira ku Joni konkuno, ndipo Chipedi ankachiyankhula ngati mwana wa gogo uja. Ine ndinabwera nditakula kale, Chipedi changa chinali chokhota, munthu ankangomva mawu awiri n'kudziwa kuti ndine wobwera. Ndiye ndinangosiya kuyankhula. Ndinkatunga madzi mwakachetechete, kusewera mwakachetechete.

M'mawa wa tsikulo anatidzutsa kusanayere bwino. Amayi anandiveka majuzi awiri, ina pamwamba pa inzake, ndi diresi langa la kutchalitchi. Mayi ake a Asiyatu anali atakazinga kale samusa. Amalume anaima pabwalo atavala kofia yawo yoyera, akupukusa manja chifukwa cha mphepo, natiuza kuti lero akutitengera kumunda waukulu wa mitengo ndi maluwa, umene ankauona kale akugwira ganyu mbali imeneyo. Anati ana awiri anzeru ngati ife sitiyenera kumangoona malata. Asiyatu anafunsa kuti nanga ku okala kukhala ndani. Iwo anangoti buledi sathawa.

Tinakwera takisi. Amalume anakhala kumbuyo, maso pawindo. Bambo wina amene anakhala pafupi nane anayang'ana kontena ija, n'kundiyang'ana ine, nafunsa kanthu m'Chipedi. Ndinamva bwinobwino kuti akufunsa kumene tikupita m'mawa chonchi, koma ndinangoyang'ana Asiyatu. Asiyatu anayankha msanga, mokweza, moseka, kuti tikupita kukaona maluwa ndipo mng'ono wakeyu ndi wamanyazi kuyambira kale. Bambo uja anaseka n'kutisiya. Pansi pa kontena, Asiyatu anandigwira chala chaching'ono n'kuchifinya. Sanachisiye mpaka tinatsika.

Tinafika geti lisanatsegulidwe, ndipo tinali oyamba kulowa. Sindinaonepo kapinga wochuluka chotero, wopanda botolo losweka ngakhale limodzi, mame akunyezimira mpaka kutsinde kwa kaphiri. Kunkanunkhira dothi lonyowa ndi masamba owola. Titayenda pang'ono, geti litabisika kuseri kwa mitengo, Amalume anaima, nayang'ana uku ndi uku, n'kutiweramira.

“Muno, fuulani Chichewa chonse mwakhala mukusunga chija.”

Poyamba ndinangonong'ona. Asiyatu anandikankha ndi chigongono, nakuwa dzina langa ngati ndili kutsidya kwa mtsinje. Nane ndinakuwa lake. Nkhanga zimene zinkatola pakapinga zinabalalika zikudandaula, ife n'kuzithamangitsa tikuzinena kuti kwathu zikanakhala ndiwo kalekale. Ndinayankhula tsiku limenelo ngati mpopi wothyoka. Ndinayimba nyimbo za kutchalitchi, za masewera, ngakhale yotsatsa sopo ya pawailesi ya kwathu imene ndinkaikumbukira theka.

Panali malo ena odzaza zomera za masamba onenepa aminga, zimene amati alowe. Zinali zitangoyamba kuchita maluwa, ofiira ndi achikasu, oima ngati makandulo oyaka. Timbalame ta milomo yaitali yopindika tinkalowetsa mitu m'maluwamo n'kutuluka nkhope zili ndi ufa wachikasu. Pamiyala ya kaphiri panagona mbira zikuwothera dzuwa, zonenepa, zosatiopa, ndipo Asiyatu anati imodzi yafanana ndi mkulu wa sukulu yathu. Tinaseka mpaka kukhala pansi.

Mtengo uliwonse unali ndi kachitsulo kolembapo dzina. Ine ndi Asiyatu tinkapikisana kuwerenga maina ataliataliwo, malilime akupindika, kenako n'kumaitanana nawo. Amalume sankawerenga. Ankayang'ana khungwa, kuligwira ndi chikhatho, nthawi zina n'kupukusa mutu kuti uwu sakuudziwa. Koma pena nkhope yawo inkawala ngati akumana ndi munthu wakwawo pa depoti. Anatisonyeza mkuyu. Anatisonyeza mfula, n'kutiuza mmene ankaswera nthanga zake ndi mwala ali mnyamata woweta mbuzi. Pa mtengo wina wopanda masamba, wolendewera zipatso zozungulira zaubweya wobaya, anaima nthawi yaitali. Anati umenewo ndi mlombwa, ukautema umatuluka madzi ofiira ngati magazi, ndipo chitseko cha nyumba ya bambo awo ku Machinga chinali cha mtengo umenewo. Ine ndinali nditayamba kuiwala kwathu. Tsiku limenelo ndinamva ngati kwathu kwabwera kudzatizonda.

Kafoni ka Amalume kankalira pafupipafupi. Kakalira ankapita pambali, kutifulatira, n'kuyankhula motsitsa. Ife sitinkasamala. Chakumasana tinafika pa timathithi, pamene madzi ankagwera padziwe laling'ono, ndipo tinavula nsapato kuti tione amene apirire kuzizira kwa madziwo. Foni inaliranso. Ulendo uno sanayankhule zambiri, anangomvetsera. Nditacheuka ndinawaona atakhala pabenchi, kofia ili m'manja, akuyang'ana m'kati mwake ngati mwagwera kanthu. Anakhala choncho mpaka mapazi anga anachita dzanzi m'madzi. Kenako anavala kofia ija, nabwera kwa ife, natifunsa kuti ndani angagubuduke mofulumira pa chitunda cha kapinga chimene tinadutsa chija.

Zimene anamva pafonipo ndinadzazidziwa nditakula, Amayi atandifotokozera tikusita limodzi. Dzulo lake, gogo mwini nyumba uja anamva kuti gulu limene linkathamangitsa obwera m'madera ena lifika mumsewu wathu tsiku lotsatira, nachenjeza akuluakulu. Anagwirizana kuti Amayi akapemphe malo kwa abwana awo ku Queenswood, koma abwanawo anali kuulendo, ofika madzulo. Amayi ndi mayi ake a Asiyatu akanatha kutulutsa zovala ndi mabulangete pang'onopang'ono, ngati azimayi opita kukachapa kwa azungu. Vuto linali ife ana. Pankafunika malo a mpanda, otetezeka, kumene munthu sangatifunse kanthu kuyambira m'mawa mpaka madzulo, ndiponso wamkulu woti akhale nafe. Mnzawo wina wa galimoto anali atalonjeza kuthandiza Amalume kusamutsa katundu wa mu okala m'mawa womwewo. Sakanatha kuchita zonse ziwiri. Amayi anati Amalume sanaganize n'komwe nthawi yaitali, anasankha ife. Foni ya pa mathithi ija anaimba ndi gogo, kuwauza kuti okala yaphwanyidwa, katundu yense watengedwa, ndipo anthu akuzula malata.

Lero ndili ndi ana anga, ndipo ndikudziwa mmene nkhope yanga imandiululira ndikangokhumudwa pang'ono. Sindidziwa kumene bambo uja anapeza mphamvu yoimirira kunsi kwa chitunda, manja ali m'mwamba, n'kumaweruza mpikisano wa ana awiri ogubuduka. Anati wapambana ndine. Asiyatu anakana, akuti bambo ake akukondera, ndipo tinabwereza mpaka udzu unalowa m'majuzi onse awiri.

Tinadya samusa pansi pa mkuyu, atazizira kale koma okoma. Amalume anatenga mmodzi yekha, ena onse anatisiyira, akuti m'mimba simuli bwino. Kenako anakasamba kumaso, m'manja ndi kumapazi pampopi, nayala jekete lawo paudzu n'kuswali. Anachedwa kuposa masiku onse. Asiyatu anasiya kutafuna n'kumawayang'ana. Ndikuganiza kuti iye anazindikira kanthu, chifukwa kuchokera pamenepo sanafunsenso za okala, ndipo ankayenda atagwira dzanja la bambo ake, chinthu chimene ankati n'cha makanda.

Dzuwa litapendeka ndinatopa, ndipo ndinayamba kunyinyirika kuti tizipita kunyumba. Amalume anati sizingatheke tisanaone kuseri kwa kaphiri. Tinakwera kanjira ka miyala, ine ndikukoka miyendo. Pamwamba mphepo inkawomba, mzinda ukuoneka mbali zonse. Chakutali ndinaona utsi wakuda ukukwera, ndipo ndinaloza. Iwo anayang'ana kamodzi, nati ndi nyengo yotentha tchire ino, n'kutitembenuzira mbali ina kuti tione mbalame yaikulu imene inkazungulira m'mwamba. Kutsika kwake anandibereka kumsana, msinkhu wonse uja, nsapato zanga zikuwamenya m'ntchafu. Tinatuluka mlonda akukoka geti.

Sitinabwerere ku Mamelodi. Tinapita ku Queenswood, ku kachipinda ka kuseri kwa galaja, kumene tinapeza Amayi ndi mayi ake a Asiyatu atakhala pa zikwama. Abwana aja anali atavomera. Tinakhala mmenemo tonse asanu kwa milungu ingapo, mpaka banja la Asiyatu linakwera basi yobwerera ku Machinga. Ine ndi Amayi tinatsala. Asiyatu ndimayankhula naye pafoni mpaka lero. Ndi namwino, ndipo akafuna kundiseka amanditchulabe dzina lalitali la mtengo wina wa m'munda uja. Amalume anatsegula okala ina kumudzi kwawo, ndipo anamwalira ine nditayamba kale ntchito. Ndinakawaona kamodzi asanamwalire. Nditayamba kuwathokoza anandidula mawu, n'kufunsa ngati mlombwa uja ukadalipo.

Koma madzulo a tsiku lija ine sindinkadziwa chilichonse mwa zimenezi. Ndinalowa m'kachipindako ndi udzu m'tsitsi, ndikufotokoza za nkhanga, za mbira, za mathithi, mawu akuthamangitsana. Ndinauza Amayi kuti chibadwire sindinakhalepo ndi tsiku losangalatsa ngati limeneli. Amayi anandikumbatira mwamphamvu mpaka nthiti kuwawa, koma maso awo anali pa Amalume, amene anakhala pakhomo akumasula zingwe za nsapato pang'onopang'ono. Ndinadzipulumutsa m'manja mwa Amayi, n'kuthamangira kwa iwo.

“Amalume, mawa musatsegulenso okala. Tipitenso.”

Mayi ake a Asiyatu anaphimba nkhope ndi mpango. Ndinayang'ana uyu ndi uyu, osamvetsa chimene ndanena cholakwika, osamvetsanso chifukwa chake tikugona kwa azungu, kapena chifukwa chake ketulo yathu ili m'chikwama. Amalume anamaliza kuvula nsapato, naziika bwinobwino pambali, n'kundichotsa kaudzu kamodzi m'tsitsi.

“Mawa sinditsegula, mwanangu,” anatero. “Koma miyendoyi iyambe yapuma.”

Ine ndinakondwa kwambiri, ndipo ndinagona msanga kuti kuche.