Vinyo Amene Jeremiya Sanalawe

Kwa zaka makumi atatu Jeremiya Chimphonda anali khukhi pa esiteti ya fodya ya Mtaliyana wina, pakati pa Mitundu ndi Nathenje. Ndiye ankasunga kiyi wa kachipinda kozizira momwe mabotolo a vinyo wofiira ankagonekedwa chammbali. Pokhala mkulu wa mpingo, chakumwacho sanachiikepo pakamwa. Ankachidziwa ndi mphuno basi. Akanunkhiza, ankatha kunena kuti mphesa za chaka chakuti zinakhwima ndi dzuwa, za chaka chakuti zinavutika ndi mvula, ndipo Mtaliyanayo sankamutsutsa.

Mu 1995 esitetiyo inagulidwa ndi a Lackson Kamtedza, wamalonda amene ndale zatsopano zinamukweza msanga, n'kumupatsanso adani. Antchito akale ambiri anachotsedwa. Jeremiya ankadziwa kuti ntchito ikatha, nyumba ya pa esiteti nayonso yapita, ndipo mkazi wake Dorica, yemwe anafa ziwalo mbali imodzi, sakanapirira moyo wosowa pogona.

Loweruka lina masana bwanayo anaitana anzake. Jeremiya anasankha botolo la 1978, vinyo wolemera pakamwa, woyenera nyama yambuzi yootcha. Analitsekulira kukhitchini kutatsala ola limodzi kuti alendo adye, pofuna kuti vinyoyo apume, n'kumukhuthulira m'jagi pang'onopang'ono, masese n'kutsalira pansi. Patebulo anachita monga anaphunzitsidwira: anathira pang'ono m'tambula ya mwini nyumba yekha kuti alawe, n'kuima pambali.

Koma a Kamtedza anakulira kumudzi, komwe wopereka mowa amayamba walawa yekha anthu akuona, posonyeza kuti mulibe mankhwala.

"Madala, bwanji mwayambira ine ndekha? Botolo lake lili kuti?"

Jeremiya anakalitenga. Pansi pake panali zakuda bii.

"Nanga izi?"

"Ndi ukalamba wa vinyo, bwana."

"Ukalamba umenewo ndi umene unagoneka malume anga kumanda!" anatero mlendo wina, anzake n'kufa nacho chikhakhali. Bwanayo sanaseke. Anakankhira tambula kwa Jeremiya.

"Lawani kaye."

"Pepani bwana, ine sindimwa. Ndinalonjeza pamaso pa mpingo."

"Ndiye mukundipatsa chinthu chimene inu mwini mukuchiopa?"

Jeremiya anayang'ana tambulayo. Fungo linkamufika bwinobwino, ngati la fodya wouma bwino ndi dothi lonyowa ndi mvula yoyamba. Chiyambire ntchito sanatsekulepo botolo loposa limeneli. Anaganiza za Dorica. Manja ake anakhalabe kumbuyo.

Jagi yonse inakhuthulidwa pabwalo. Nkhuku zinajompha pamatopepo ndipo palibe inafa, koma panalibe amene anatsala kuti aone.

Ntchito inathera pomwepo. Lolemba ngolo inawatula iye ndi Dorica ku Mitundu, kwa mphwake wa Jeremiya, amene anawapatsa kakhitchini kodontha. Dorica anamwalira nthawi yokolola isanafike. Jeremiya akadali mkulu wa mpingo, ndipo pa Mgonero ndiye amathira chakumwa chofiira cha shuga m'timakapu, mosamala, osataya ngakhale dontho.