A Tobias ndi Foni ya ku Phalombe

A Tobias ndinawadziwa chifukwa cha ntchito. Ine ndine Fainala, ndipo zaka zimenezo ndinkagwira ntchito m'kafukufuku wa anthu omwa mowa mwauchidakwa kuno ku Lisasadzi. Ntchito yanga inali kufunsa mafunso omweomwewo miyezi itatu iliyonse, kwa zaka zitatu, ndi kuonetsetsa kuti munthu asatisowe.

Koma kusunga tenanti pamalo amodzi si masewera. Fodya akangogulitsidwa, wamanga katundu, waona msana wa njira. Ndiye mabwana athu anaganiza zowanyengerera. Aliyense akabwera ankalandira sopo, mchere ndi paketi ya shuga, ndipo wosaphonya ngakhale kamodzi mpaka mapeto anamulonjeza thumba la feteleza. Matenanti sankalandira makuponi, poti maina awo munalibe m'kaundula wa mudzi, choncho thumba limenelo linali nkhani yaikulu m'zigafa monse.

A Tobias anali bambo wamfupi wa ku Phalombe, zala zakuda bii ndi utomoni wa fodya. Anali mkamwini kumeneko, ndipo sanachoke mwaulemu. Chaka china banja lawo litalandira kuponi, iwo anaitenga kuti akagule feteleza, n'kukaigulitsa kwa venda, n'kubwerako patatha masiku atatu akuimba nyimbo. Amalume a mayi Angelina, mkazi wawo, anawaikira kathumba ka zovala pakhomo. Sabata yomweyo anakwera lole yotenga matenanti.

Fomu yathu inkafuna nambala ya munthu amene angadziwe komwe uli ukasowa. Iwo anatchula ya mayi Angelina, pamtima. Lamulo linali lakuti ndiziimba nambalayo ulendo uliwonse, kuona ngati ikugwirabe. Ndikayamba kuimba, a Tobias ankatuluka kukaima pansi pa mthethe, kenako n'kubwerera chipewa chili kumanja.

"Mwawapeza? Akumveka bwanji? Chifuwa chija chinatha?"

"Bwanji osalankhula nawo nokha? Foni nayi," ndinkawauza.

"Iyayi, amayi. Pakamwa panga anatopa napo. Ndidzalankhula nawo thumba lija lili paphewa."

Mayi Angelina nawonso anali ndi funso lawo limodzi: "Kodi anasiya?" Ine ndinkayankha monga anatiphunzitsira, kuti pepani, zimenezo sindiloledwa kunena. Iwo ankangoti, "Chabwino, ndamva." Ndipo ngakhale ndikanaloledwa, ndikanati chiyani? A Tobias ankafika malaya akununkha kachasu, ndipo ndikafunsa kuti amwa masiku angati sabata imeneyo, ankayankha msangamsanga kuti asanu.

Esiteti yomwe ankakhala inali yankhanza, chimanga chake chofumbwa, kapitawo wake wapakamwa. Anzawo anasamukira ku Simlemba ndi ku Kaomba, komwe ankati kuli bwinoko, koma iwo anakana kupita kutali ndi ife. Tsiku lina mvula itakokolola kamlatho, anaoloka madzi ofika m'chiuno, kadi ya kafukufuku ili m'jumbo, atailuma ndi mano. Ndinawaseka kuti shuga ameneyu adzakuphani. Anaseka nawo, koma tonse tinkadziwa kuti sanaolokere shuga.

Ulendo womaliza unali mu Novembala, mitambo itayamba kuda. Anabwera atavala malaya ochapa bwino, opanda fungo lililonse. Ndisanatsegule n'komwe fomu, anandigwira mkono.

"Lero mulembe zoona, amayi. Ine mowa ndinasiya kalekale, chaka choyamba chomwe, nyengo yosoka fodya."

"Nanga fungo lija?"

"Ndinkagula kabotolo n'kuwaza pakolala. Pasitolo ya a Kassim anthu ankanena kuti ukasiya amakufufuta dzina. Nanga munthu akachira amamusunganso m'chipatala?"

Ndinapsa mtima, koma osati ndi iwo. Inde, tinawauza kuti womwa ndi wosiya onse timawafuna mofanana. Tinawauza kamodzi, tsiku loyamba, powawerengera mapepala anayi munthu ali ndi matsire. Zaka zitatu ndinatha kuwakumbutsa za tsiku lobwera ndi za thumba, koma mawu amenewo sindinawabwerezepo.

"Aimbireni," anatero. "Auzeni zonse, ndakulolani. Muwauzenso kuti Loweruka ndikubwera." Anatuluka kupita pamthethe paja.

Ndinawauza mayi Angelina zonse, ndikuthamangitsa mawu ngati mwana.

"Achemwali, ine ndinadikira," anatero. "Koma foni yanu ikalira ndinkati, anthu a zamowa akuwasungabe, ndiye kuti akumwabe. Ulendo ndi ulendo choncho. Ndinalowa m'banja lina titakolola. Muwauze kuti ana ali bwino."

Ndinapita pamthethe. Sindinazungulire, ndinawauza monga ndinamvera. Anagwedeza mutu pang'onopang'ono, akupinda chipewa chawo, ndipo sanalire. Ndinalira ndine, pamaso pa anthu amene ankadikira pamzere.

Thumba anasainira, nati alitumiza pabasi, poti munda ndi womwewo ndipo ana amadya. Atamanga panjinga anaima kaye, ngati munthu amene waiwala kanthu.

"Amayi, kodi kulibe kafukufuku wina? Ngakhale wopanda shuga, wopanda chilichonse. Bola muzingowaimbira, n'kumandiuza kuti akumveka bwanji."

Kunalibe. Ofesi yathu inatsekedwa kumapeto kwa mwezi womwewo, foni ija tinabweza. Ndinamva kuti fodya atagulitsidwa anasamukira chakumpoto, ndipo mpaka lero ndikakumana ndi lole ya matenanti ndimayang'ana nkhope imodziimodzi.