Mwala wa maso asiliva umene ndinausiya pouma

Wina anena kuti ukalamba wandisokoneza mutu, koma zimene ndikuuzenizi zinandichitikira ineyo, dzuwa likuswa mtengo, osati kutulo ayi. Maina sinditchula, eni ake ena anagona kale.

Nthawi imeneyo ndinkachapa ndi kusesa kwa amwenye ena amene anali ndi sitolo kwathu kuno kwa Mwambo, kufupi ndi nyanja ya Chilwa. Bambo akunyumba anali atapita ku Joni osalembako ngakhale kalata, mwana ndinalibe, ndiye wocheza naye anali adona a pasitolopo, mayi wachikulire wa Chinyanja chothyokathyoka. Nawonso anali okhaokha, kupatula mwana wawo mmodzi, abale awo onse ali kutali ku India, mwina n'chifukwa chake tinkamvana.

Kuseri kwa sitolo kunali kachipinda kosalowa ndi nsapato. M'menemo munali mwala waukulu ngati papaya, wopakidwa zofiira, wa maso awiri asiliva, ndipo adona ankautcha Mayi. Ankati kumudzi kwawo kuli kachisi wa mulungu wamkazi amene anatuluka m'chitsime chaka cha chilala, ndipo mtsikana wokwatiwa kutali amapatsidwa mwala wa m'chitsimemo kuti Mayiyo apite naye. M'mawa uliwonse ankausambitsa, kuuveka kansalu, kuyatsa nyali ndi kuliza kabelu. Ine mkhristu ndinkangotunga madziwo n'kuwasiya pakhomo.

Kenako linabwera lamulo loti amwenye achoke kumidzi akakhale m'matauni, ndipo masiku amenewo boma likanena sunkafunsa kawiri. Tsiku lopakira katundu, mwala uja unagwa n'kung'aluka pakati. Adona analira ngati pamaliro. Anandiuza kuti pamwambo wawo mwala wosweka sasunga, komanso sataya kudzala, amaupereka kumadzi akuya. Lole inali italira kale, mwana wawo akuwakalipira kuti akwere. Adona anaukulunga m'nsalu n'kundigwira manja onse awiri.

"Achemwali, Mayiwa musawasiye pouma."

Ndinavomera, nanga munthu akulira ungamukanire bwanji?

Tsoka lake chinali chaka chimene nyanja inaphwa. Mtsinje wa Likangala unali utatsala zithaphwi, ndipo pachithaphwi chilichonse panali amayi a kumpingo ndi zidebe zawo. Akanandiona ndi mwala wa maso, si akanati ndine mfiti n'kundidula mumpingo? Mpingowo ndiye unali abale anga otsala. Choncho ndinauika m'dengu, kuvindikira ndi chitenje, n'kulunjika cha ku chilumba cha Chisi, ndikuti madzi ndiwapeza kutsogolo.

Ndinadutsa m'mabango ouma n'kulowa m'matope ong'aluka, mabwato ali mbwee pamtunda opanda mwini. Madzi ndinkawaona akunyezimira patali, koma ndikasendera ankathawa. Dengu linkalemerabe, dzuwa lili paliwombo, kukhosi kuli gwa. Ndinayang'ana uku ndi uku, ngakhale mbalame panalibe, ndiye ndinati mumtima, kodi mwala umamwa madzi? Ndani andione? Ndinaukhazika mumng'alu n'kutembenuka.

Sindinapite patali, kabelu kanalira kumbuyo kwanga, nge nge nge, kaja ka m'mawa. Anthuni, kabelu kameneko ndinakaona ndi maso angawa kakukwera lole m'manja mwa adona. Ndikaima kankaima, ndikayenda kankayambanso. Nditacheuka, nsalu ija inali itavundukuka, maso asiliva aja ali pa ine. Mantha ngati amenewo sindinawamvenso. Ndinaliyatsa liwiro, dengu n'kulitaya komweko.

Kunyumba ndinamwa zikho zitatu koma ludzu osatha. M'mawa mwake mtsuko umene ndinadzaza ndekha unali wouma mpaka pansi, pomwe sunali wobooka, ndipo mawa lakenso chimodzimodzi. Milomo yanga inang'aluka ngati matope aja. Ndikanauza ndani, abusa? Anzanga oyandikana nawo ankangoseka kuti ndikuonda ndi maganizo a bambo a ku Joni.

Tsiku lachisanu ndinasenza chidebe cha madzi kubwerera konkuja. Ndinazungulira mpaka miyendo inakana, mwala osaupeza, ming'alu yonse yofanana. Ndinagwada n'kuthira madziwo pansi, ine woimba kwaya ndikupepesa mwala, nthaka n'kumwa onse nthawi yomweyo. Mtsuko unasiya kuuma, koma ludzu linandisiya pokhapo mvula itagwa, nyanja itabwerera m'malo mwake.

Patapita miyezi, dalaivala wa lole ija anadutsa kuno ndi uthenga woti adona ali gone ku Limbe, ndipo akufunsa chinthu chimodzi chokha, ngati Mayi anafika kumadzi. Ndinati akawauze kuti eya, ali pansi pa nyanja. Si bodza, koma amene anawafikitsa ndi mvula, osati ine. Adona anamwalira akundithokoza, ndipo ananditumizira nsalu yokongola imene ili m'sutikesi mpaka lero, sindinaivalepo.

Sindikunena kuti mwala ndi Mulungu, kutchalitchi ndimapitabe. Koma ndimakhulupirira kuti chinthu chimene munthu wachisambitsa m'mawa uliwonse moyo wake wonse sichikhalanso mwala wamba. Ndiye inu, wina akakupatsani chopatulika chake akulira, ngati simungathe kanani pomwepo, akupwetekeni ndi maso, kusiyana n'kuvomera n'kukachisiya panjira. Ine ndakalamba ndekha m'nyumba muno, ndipo belu la njinga likalira kumbuyo kwanga, ndimayamba ndameza malovu ndisanacheuke.