Bala la apongozi anga

Chizindikiro choyamba chinali ludzu. Apongozi anga, amama NyaJere, anayamba kumwa madzi kwambiri ngakhale unali mwezi wa Juni, pamene kuno ku Mzimba kumazizira. Ankapita kukataya madzi pafupipafupi, ndipo thupi linayamba kutha. Ine ndine mkamwana wawo, kwathu ndi ku Dedza. Mwamuna wanga Kondwani amagwira ntchito ku Joni, choncho pakhomo pathu, kufupi ndi Jenda, akuluakulu tinalipo awiri basi.

Amama si osauka. Amagulitsa tomato ndi anyezi m'mbali mwa msewu pa Jenda, ndipo Kondwani amatumiza ndalama mwezi ndi mwezi. Koma amuna awo anamwalira ana ali aang'ono, ndipo anawalera podzimana kuti fizi ipezeke. Ana anakula, mavuto anachepa, koma kudzimana sikunawachoke. Kumsika ankapita wapansi, kabaza akuwadutsa. Masana ankangotafuna nzimbe. Nsapato ikaduka ankaimanga ndi waya.

Waya womwewo ndi umene unawabaya chala chachikulu chakuphazi mu Julayi. Anatsuka balalo ndi madzi a mchere, n'kumangapo kansanza. Silinapole. Ankagula makapisozi awiriawiri pa okala, kuwatsegula n'kuthira ufa wake pabala. Tsiku lina ndikusesa m'nyumba mwawo ndinamva fungo. Kuno mkamwana salamula apongozi, choncho ndinagwada pakhomo n'kuwapempha kuti tipite kuchipatala.

“Kabala kakang'ono aka, mwana wane,” anatero. “Tikapita, mbwenu ndalama yathera pa thiransipoti.”

Ndinamuuza Kondwani pafoni. Anatumiza ndalama yoti apitire kuchipatala, amama n'kuilandira, kuthokoza, n'kukaisunga pamodzi ndi zinzake.

Mu Ogasiti phazi linatupa, chala chinada. Mmawa wina anadzuka thupi likutentha, akunjenjemera, akundiitana ndi dzina la mchemwali wawo amene anamwalira kale. Apo sindinapemphenso. Ndinaitanitsa galimoto ya hayala, anansi n'kundithandiza kuwanyamula. M'njira nzeru zitabwererako pang'ono, funso lawo loyamba linali lakuti dalaivala tamulipira zingati.

Kuchipatala cha mishoni namwino anawabaya kuchala chakudzanja n'kuyeza magazi. Anati shuga ndi wokwera kwambiri, ndipo akuoneka kuti anayamba kalekale. Anawaika diripi, n'kuyamba kuwabaya jakisoni wa shuga. Dokotala atamasula nsanza ija anayang'ana ine.

“Chala ichi chafa, chinzake chapafupichi chayambanso. Mukanabwera bala likungoyamba, tikanangotsuka. Tikachedwanso pano, tidula mwendo.”

Anachotsa zala ziwiri. Ine ndinkagona pansi pafupi ndi bedi lawo, ndikuphika kukhitchini kwa magadiyani pamodzi ndi amayi ena odwazika. Mmawa uliwonse kunali kuyeza shuga, kudikira dokotala, kenako kutsuka bala. Potsuka bala amama sankalira, ankangoluma chitenje. Ankalira mankhwala akamabwera, chifukwa ankadziwa kuti chipatalacho n'cholipira. Kangapo konse anapempha kuti atulutsidwe bala lisanaume.

Masana ena ndikuwapukuta msana anandiuza zimene sanauzepo mwana wawo Kondwani. Anati akatenga ndalama kuti adzigulire chinthu, mtima umagunda ngati akuba, manja n'kuchita thukuta. Anati amadziwa kuti ndalama zilipo, koma thupi lawo silikhulupirira.

“Ndinaona ana anga akugona ndi njala,” anatero. “Ndikuopa chomene. Sindidziwa kusiya kwake.”

Nthawi yonseyi ndinkangoti ndi umbombo. Namwino wamkulu wa m'wodimo nditamufotokozera anati mantha otere nawonso amafuna chithandizo, ndipo anayamba kukhala nawo pansi n'kumacheza nawo m'Chitumbuka akamaliza kugawa mankhwala.

Tinatuluka mu Seputembala, amama akuyenda ndi ndodo. Ndinkaganiza kuti vuto latha. Koma titabwerera kukiliniki ya shuga, namwino anapeza kuti shuga wakweranso. Atawafunsitsa, anavomera kuti ankadula mapiritsi pakati kuti akhalitse, ulendo wa kuchipatala utalikire. Ndinatuluka panja n'kukalira kuseri kwa wodi, chifukwa ndinaona kuti ngakhale kudulidwa zala sikunathetse mantha awo.

Tinagwirizana ndi Kondwani kuti ndalama ya mankhwala ndi thiransipoti izibwera kwa ine, ndipo mapiritsi ndiziwapatsa ndekha, ameze ine ndikuona. Amama anakwiya. Anati mlendo wa ku Dedza walanda nyumba. Kwa nthawi ndithu ankangondiyankha moni basi.

Pano bala linapola. Amayenda opanda ndodo, ngakhale amatsimphina pang'ono, ndipo anabwerera kumsika. Ndimawaphikira kondowole pang'ono ndi masamba ambiri, ndipo nzimbe anasiya. Shuga amakhala bwino miyezi yambiri. Mantha aja sanatheretu. Tsiku la kiliniki likayandikira amayamba kunena kuti akupeza bwino, palibe chifukwa chopitira. Ine sinditsutsana nawo, ndimangoitana wa njinga yamoto, iwo n'kukwera akung'ung'udza.

Kwa amene mukuona ludzu losatha, kuonda, kapena bala losapola, pitani kuchipatala msanga. Ndipo ngati muli ndi kholo limene linakulerani podzimana, muziliyang'anitsitsa, chifukwa munthu wotere sanena kuti akudwala. Musadikire kuti avomere monga ndinadikirira ine. Mutengeni, ngakhale akukwiyireni. Mkwiyo wa apongozi anga unatha mvula isanagwe, koma zala zawo ziwiri sizidzameranso.