Tsiku lomwe tinakawotcha tepi ya agogo

Ndikakumbukira agogo anga aamuna, a Zuze, ndimamva fungo la utsi wa uvuni wa makala, utsi wonyowa uja umene unkatuluka pang'onopang'ono m'ming'alu ya dothi n'kukakamira m'malaya mwawo, m'ndevu mwawo, ngakhale mu jekete lawo lakutchalitchi limene ankalumbira kuti silinapondeko kuthengo. Ankawotcha makala m'mapiri a kwa Nthache, ndipo Loweruka lililonse ankamanga matumba awiri panjinga n'kutsetsereka nawo kumalire, mabuleki akulira njira yonse moti agalu a m'midzi ankawadziwira kutali. Sanali munthu wolongolola. Akakuyankha mawu atatu, unkadziwa kuti tsikulo adzuka bwino.

M'nyumba mwawo munali chinthu chimodzi chimene tonse tinkachiopa kuchigwira: tepi ya vidiyo ya ukwati wa azakhali anga, a Esinta. Inkakhala m'chitini cha mabisiketi. Agogo aakazi anamwalira osasiya chithunzi ngakhale chimodzi, ndiye nkhope yawo ndi mawu awo zinatsala mu tepi yokhayo. Azakhali anabwera nayo kuchokera ku Blantyre maliro atatha, koma kwathu kunalibe magetsi, kunalibenso kanema. Agogo anali asanaionerepo. Ankangotsegula chitinicho, kuyang'ana, n'kutsekanso.

Amene anatidzidzimutsa anali aphunzitsi a Mbewe, oyandikana nafe nyumba. Tsiku lina agogo atawaonetsa chuma chawocho, aphunzitsi anaiyang'ana tepiyo padzuwa, n'kuloza timadontho toyera m'kati mwa kagalasi kake.

"Madala, tepiyi yachita nkhungu. Likadutsa dzinja lina, mudzangoona mpunga wokhawokha pakanema. Pitani nayo kumalire, kuli mnyamata amasamutsira zimenezi pa disiki."

Ine ndinali mu Sitandade 7, ndipo Chingerezi chinkandiyabwa pakamwa. Agogo atanena kuti ndiwaperekeze kuti ndizikawawerengera zikwangwani, ndinauza mudzi wonse, mpaka mbuzi. Loweruka limenelo pakaliyala sipanakhale makala, panakhala ine, nditakumbatira chitini pachifuwa.

Kumalire kunali phokoso la mathiraki oyembekezera kuwolokera ku Zobue, fumbi, fungo la dizilo ndi la manachesi amene azimayi anaunjika m'mphepete mwa msewu. Malo amene aphunzitsi ananena tinawapeza mosavuta: kontena yopaka utoto wabuluu, sipika yaikulu pakhomo, pamwamba chikwangwani cha Chingerezi.

"Alemba chiyani pamenepa?" anafunsa agogo.

Ndinakonza kukhosi. Mawuwo ndinkawadziwa, tinali titawaphunzira kumene.

"Alemba kuti malo owotchera, agogo. Pano amawotcha."

Agogo anandilanda chitini chija, kuchilowetsa mu jekete, n'kutembenuza njinga. Mwini kontenayo, a Maganizo, mnyamata wamtali wovala kapusi, anatithamangira mpaka pamsewu akufunsa chimene alakwa.

"Ine ndawotcha mitengo kuyambira inu musanabadwe," anatero agogo. "Sindinaonepo khala likubwerera kukhala mtengo. Mkazi wanga ndinamuika m'manda kamodzi, basi zakwana."

A Maganizo anafuna kuseka, koma ataona nkhope ya agogo anameza chisekocho. Anandiyang'ana ine, ndipo ndinalakalaka nthaka itang'ambika.

"Pepani madala, mwanayu sananame, koma moto palibe. Kuwotchako n'kusamutsira pa disiki chabe, ife timangoti kubena. Tepi yanu mubwerera nayo yamphumphu. Tabwerani muone."

Anatulutsa madisiki awiri, yatsopano ndi ina yobena kale, n'kuwatembenuza kuti agogo aone mmene yobenayo inaderako kunsi kwake. Agogo anaigwira ndi zala zawo zakuda zija, anaipendeketsa padzuwa, kenako anainunkhiza.

"Chiswe chimadya chimenechi?"

"Sichidya, madala."

"Nkhungu?"

"Sigwira. Bola osachikanda."

Agogo anagwedeza mutu. "Ndiye ndi khala ndithu. Khala siliwola." Atatero anatulutsa chitini.

Koma a Maganizo sanatibisire. Anati tepi yodwala chonchi ikhoza kuduka m'kati mwa deki, makina oonetsera tepi, ndipo kuti isamuke iyenera kuyenda yonse kuchokera poyamba mpaka pomaliza, ife tikuonera. Anaimasula ndi kasikuludilaiva, n'kuyamba kupukuta lamba wake wakuda uja ndi kansalu konyowetsa sipiliti, akuzunguliza pang'onopang'ono ndi chala. Agogo anaima pafupi kwambiri moti mpweya wawo unkagwedeza kansaluko. Deki itameza tepiyo, inalira kuti khwe khwe, ndipo pakanema panabwera mpunga uja aphunzitsi ankanena. Ndinagwira mkono wa agogo.

Kenako mpunga unang'ambika, mizere inathamanga kukwera m'mwamba, nyimbo inaphulika mu sipika, ndipo tinaona bwalo la kwathu lodzaza anthu. Ndinakuwa. Ndinaona mtengo wathu wa mango uli waufupi, ndinaona amayi anga ali owonda, atabereka khanda lodontha dovu, ndipo a Maganizo atafunsa ngati khandalo ndinali ine, ndinakana ngakhale zinali zoonekeratu. Nyimboyo inakoka anthu. Madalaivala a mathiraki anadzaza pakhomo, azimayi a manachesi anasiya malonda, wina akufunsa kuti ukwatiwo ndi wa ndani.

Nthawi ya pelekanipelekani itakwana, agogo aakazi analowa m'bwalo atanyamula lichero. Ndinali nditaiwala kuti anali ndi mpata m'mano. Ankavina ndi mapewa, akuseka, ndiye mwadzidzidzi anaima n'kuyang'ana kumbali.

"Bambo a Esinta! Mwakhaliranji pansi ngati mlendo? Tabwerani tivine, mwana ndi wanu uyu."

Kamera inatembenuka n'kupeza agogo aamuna ali pampando, tsitsi lidakali lakuda, akukupiza dzanja kukana. Agogo aakazi anawakodola kachiwiri, iwo anayang'ana pansi. Anthu a mu tepi anaseka, anthu a pakontena nawonso anaseka, dalaivala wina n'kunena kuti, "Koma madala munali ouma mtima."

Agogo anavula chipewa n'kundipatsa. Anayenda masitepe awiri kufika pamaso pa kanemayo.

"Ndabwera, mayi," anatero.

Ndipo anavina. Kunena zoona sankatha. Miyendo inkapita kwina, nyimbo kwina, mawondo akulira ngati mabuleki a njinga yawo. Koma anavina nyimbo yonse, maso ali pa mkazi wawo, misozi ikutsika n'kusochera m'ndevu. Madalaivala anayamba kuwomba m'manja, mayi wina analuluta n'kuwaika nachesi m'thumba la jekete. Ine ndinkaseka ndikulira, ndipo sindinasangalalepo chomwecho chibadwire.

Tepiyo inayenda mpaka kumapeto osaduka. A Maganizo anabena madisiki anayi, kuti ana onse a agogo akhale ndi yawoyawo, n'kulemba pamwamba ndi cholembera chakuda dzina limene agogo anasankha okha. Sanalembetse dzina la azakhali, eni ukwati. Analembetsa la agogo aakazi.

Pobwerera tinakankha njinga pachitunda chachitali chija, dzuwa likutiwotcha pamsana. Agogo anasenda nachesi lija n'kundigawira. Tinayenda mtunda ndithu.

"Tsiku lija anali manyazi chabe," anatero. "Ndinkati tidzavina ukwati wina."

Disiki ya bambo anga ili ndi ine lero, ndipo ana anga amawadziwa agogo aakazi ngati anawaonapo. Kuvina ndinatengera agogo aamuna, sindikutha ngakhale pang'ono, ndipo anzanga kuntchito amandiseka nazo. Koma paukwati uliwonse, wina akangonditambasulira dzanja, ndimadzuka nthawi yomweyo asanandiitane kachiwiri.