Mlandu wa Ayezi ku Lawrence

Ine sukulu ndinalekezera Sitandade 5, ndipo sindibisa, ngakhale kuno ku Indiana kumene Mmalawi aliyense amayenda ndi digiri m'thumba ngati mpango wopukutira thukuta. Koma thirakitala ndimaidziwa. Ndinaiyendetsa zaka zambiri m'minda ya tiyi ku Thyolo, m'zitunda zoterera nthawi ya mvula, osagubuduzako ngolo ngakhale kamodzi.

Mwana wanga wamkazi, amene ndi nesi, ananditenga mayi ake atamwalira. Nthawi imeneyo iye ndi mwamuna wake ankakhala ku South Bend, kumene apongozi angawo ankamaliza maphunziro. Kukhala m'nyumba tsiku lonse, maso ali pawindo kuonerera sinowo, kunandikola msanga. Tsiku lina ndinalowa m'chinyumba china chachikulu cha pafupi ndi kwathu, mmene anthu amatsetsereka pa ayezi atavala nsapato za mipeni kunsi, n'kufunsa ngati akufuna wosesa. Anandipatsa tsache. Chaka chisanathe anandipatsa makiyi a makina.

Makinawo ndi thirakitala basi, kungoti m'malo molima amasalaza. Kunsi kwake kuli mpeni wautali wopala pamene osewera akanda, ndipo kumbuyo amathira madzi. Madzi ake otentha. Sekani, nanenso ndinaseka. Amene anandiphunzitsa ndi nkhalamba ina ya ku Canada, yopanda mano akutsogolo chifukwa cha hoke, masewera a ndodo amene amasewera pa ayezi pomwepo, ndipo inandiuza kuti madzi ozizira amapanga ayezi wofumbutuka, otentha ndiye amagwirana bwino ndi wapansi. Ukathamangitsa makina umasiya mizere ngati munda wa mbatata. Ukazengereza pokhota umasiya dziwe. Nkhalamba yomweyo inandiphunzitsa kuonera hoke. Inati kachimbale kakuda kamene amalimbirana ndi ndodo zawo usakatsate ndi maso, ungachite chizungulire; uziona kumene mitu ya anthu yaloza.

Apongozi atapeza ntchito ku Indianapolis, banja linasamukira ku Lawrence, m'mphepete mwa mzindawo. Ine ndinati tsogolani, ndikupezani. Ndinapeza kachipinda kwa banja lina la mumpingo mwathu, ndipo "ndikupezani" wangayo anatha zaka ziwiri. Kenako mu Januwale wa 2002 ndinaterereka potsika pamakina, dzanja n'kubinya. Kubinya chabe. Koma nkhaniyo pofika ku Indianapolis inali itathyoka mwendo, ndipo pofika kutchalitchi kwawo inali itathyoka msana.

Foni inalira. "Ababa, Lamlungu likubwerali mubwere tidzadyere limodzi. Abweranso akulu a mpingo."

Akakuitanira chakudya n'kuitananso mkulu wa mpingo, dziwa kuti ndiwo zake ndiwe. Ankafuna ndisiye ntchito, ndikakhale kwawo pampando wofewa mpaka Ambuye adzanditenge. Ndipo anasankha tsiku loipa. Lamlungu limenelo masana, kumapeto kwa Febuluwale, mpikisano waukulu wa mayiko unali kufika pachimake: America ndi Canada kulimbirana golide wa hoke. A ku Canada anali atatha zaka makumi asanu osamulawa golideyo, chikhalirecho masewerawo ndi awo monga bawo alili wathu. Mnzanga wopanda mano uja anatha sabata yonse akutukwana makina osalakwa chifukwa cha nkhawa.

Ndinakwera basi Loweruka. Lamlungu titaweruka kutchalitchi tinadya mpunga ndi nkhuku, ndi samusa zimene mwana wanga anakagula ku Lafayette Road. Mkulu wa mpingo uja, munthu waulemu wake amene amagawa mankhwala pachipatala china, anapukuta pakamwa n'kukonza kukhosi.

"Madala, tili ndi kankhani. Koma ndineneretu, sikisi koloko ndikhale ndili pantchito."

"Kankhaniko ndikamva, abambo," ndinatero. "Koma mpira uthe kaye. Ukangotha ndine wanu, mundiseme mmene mungafunire."

Anayang'ana wotchi, milomo ikugwedera. Ndinkaona zimene ankawerengera: kuyamba fili koloko, chigawo choyamba, kupuma, chigawo chachiwiri, basi. Mpira wa miyendo umene tonse tinakulira.

"Palibe vuto, Madala. Faifi isanakwane tikhala titayamba."

"Mwalonjeza pamaso pa ana angawa?"

"Talonjeza."

Ine sindinaname. Palibe anandifunsa kuti hoke amakhala ndi zigawo zingati.

Apongozi anayatsa tivi, koma mawu anachepetsa kwambiri, ati polemekeza tsiku la Mulungu ndi alendo. Anakhala pampando wakutali nane, monga mkamwini woleredwa bwino. America itagoletsa chigoli choyamba ulemu wonse unawathawa, anadumpha.

"Tagoletsa! Tagoletsa!"

"Mwagoletsa inu ndi ndani, apongozi? Ku Ntcheu kunayamba liti kugwa ayezi?"

"Nanga inuyo, Bambo, ku Canada muli ndi m'bale?"

"Ndili ndi mnzanga. Mano alibe, koma nzeru ali nazo."

Mkulu wa mpingo ankavutika. Kachimbale sankakaona n'komwe, ankangoona anthu akuthamangitsana. Wosewera wina atapanikizidwira kukhoma mpaka galasi kunjenjemera, anaimirira.

"Penate! Koma oimbira alipo? Munthu uja amupha!"

"Khalani pansi, abambo, kumeneko n'kupatsana moni."

"Nanga goloboyiyo wavaliranji matiresi?"

"Mukaimepo inu ndi jekete yanuyo, mukationetse."

Chigawo choyamba chinatha Canada ili patsogolo. Chachiwiri America inabweza, kenako Canada inaonjezera china, zitatu kwa ziwiri. Lipenga litalira osewera n'kuyamba kutuluka, apongozi anadina rimoti msangamsanga, tivi zii.

"Pepani, taluza," anatero akuyang'ana pansi. "Bambo apambana. Tsopano akulu a mpingo, nthawi ndi yanu."

Ndinangopinda manja. Nthawi yopuma pakati pa zigawo ine sindifunika wotchi, ili m'mafupa mwanga, chifukwa ndiyo nthawi imene ine ndimagwira ntchito. Ndinkadziwa kuti kumeneko munthu wina ngati ine wakwera makina, wayamba m'mbali, akuzungulira.

Ndinkadziwanso anthu akwathu. Nkhani yaikulu sitiyamba ndi mutu. Mkulu wa mpingo anayamba ndi pemphero, lalitali bwino, lofika mpaka kwa odwala a ku Malawi. Atati ameni anatipatsanso moni mmodzimmodzi, ngati sitinali kulimbirana naye chiwindi cha nkhuku posachedwapa. Anandifunsa za ulendo. Ndinamuyankha mofatsa, mpaka za mayi wina amene anakhala nane mpando umodzi m'basi. Anandifunsa za dzanja. Ndinalitembenuza uku ndi uku. Anatsegula Baibulo n'kuwerenga za kulemekeza makolo, n'kutambasula. M'mutu mwanga makina anali atamaliza mzere womaliza, akutuluka pageti, anthu akubwezera magolo m'malo mwake.

"Ndiye Madala," anatero potsiriza, "ana anuwa abwera kwa ine ndi dandaulo. Akuti ntchito imene mukugwira ku South Bend..."

"Apongozi, tayatsani."

"Bambo?"

"Yatsani. Mpira sunathe."

Anayatsa mokayika. Osewera anali ataima pakati pa ayezi wonyezimira ngati mbale yatsopano, oimbira atanyamula kachimbale m'mwamba.

"Nthawi yoonjezera?" anafunsa mkulu wa mpingo. "Koma sanafanane zigoli!"

"Chigawo chachitatu, abambo. Hoke ndi mafuwa, amakhala atatu. Zaka zonsezi muli ku America, makalata a sukulu ali mbwee pakhoma, zimenezi zokha osazidziwa? Mwalonjeza pamaso pa ana."

Anayang'ana wotchi, anayang'ana ine. Anapirira pang'ono, koma wotchi ya hoke imaima kachimbale kakangoima, ndipo mphindi imodzi imabala ana. Posakhalitsa anaimirira n'kuvala chikhoti chake.

"Madala, mwatichenjerera."

"Ine? Wa Sitandade 5?"

"Ndinene ndili chiimire. Anthu akuyankhula. Akuti bambo ake a nesi, apongozi ake a munthu wophunzira, akukolopa ayezi ngati alibe ana. Muritaye, Madala, mupume."

"Anthuwo mukawauze kuti sindikolopa, ndimayendetsa. Akafuna adzaone, khomo n'lotsegula, koma adzavale majuzi awiri. Muyende bwino, odwala akudikira."

Chitseko chitatsekeka, mlandu unatsala wopanda mwini. Mkamwini sangayang'ane apongozi ake m'maso n'kuwauza kuti siyani ntchito. N'chifukwa chake anakabwereka pakamwa pa munthu wina. Pakamwapo patapita, mkamwini wangayo anakumbukira mwadzidzidzi kuti galimoto ikufunika kuichotsa sinowo, anatuluka. Ndinaganiza kuti ndapambana.

Mwana wanga, amene nthawi yonseyi anali ataima pakhomo la kukhitchini, anabwera n'kukhala pansi pakapeti pafupi ndi miyendo yanga, monga ankachitira ali wamng'ono. Tivi sanazimitse.

"Ababa, za manyazizo ndi zawo. Ine zilibe nane ntchito."

"Nanga?"

"Ine tsiku lililonse ndimadzutsa makolo a eni ake amene agwa. Ndimadziwa mmene chiuno cha nkhalamba chimathyokera, ndipo ndimadziwa kuti ambiri sadzukanso. Inu muli kutali, maola atatu pagalimoto. Mukadzagwa mutu n'kumenya pa ayezi paja, adzakutolani ndani? Amayi ndinalephera kuwaona. Mukufuna inunso ndidzangomva pafoni?"

Pamenepo nthabwala zinandithera. Mkulu wa mpingo ndikanamuzungulitsa mpaka Pasaka, koma uyu ndi magazi anga, ndipo zimene ankanena zinali zoona. Pa tivi anyamata a America ankapanikiza, goloboyi wa Canada akugwa uku ndi uku. Ndinayang'ana komweko kuti ndisayang'ane nkhope yake.

"Mwana wanga, tandiuza. Amene umawadzutsawo amakhala atagwera kuti?"

Anatola kanyenyeswa ka samusa pakapeti.

"Ndikufunsa. Pantchito?"

"Kubafa," anatero motsitsa. "Ena pafupi ndi bedi."

"Eya. Kugwa ndidzagwa ndithu, usakayike. Ukandibweretsa muno ndidzagwera m'bafa mwakomo, ndili maliseche, nditatha zaka ndikudikira kuti wina abwere kuntchito adzandiyankhule. Kumene kuja m'mawa anthu amandidikira ine. Ana sangalowe pa ayezi ine ndisanatsike pamakina. Ndilole ndikagwere kumene ndikufunika. Sindisiya. Ukaitane abusa, ukaitane sinodi yonse, sindisiya."

Nthawi yomweyo Canada inagoletsa chachinayi. Ndinaiwala kuti tili pamaliro a nkhani, ndinakuwa n'kumenya mpando ndi dzanja lobinya lija. Ululu unandifika mpaka m'khutu. Mwana wanga analigwira dzanjalo, osati mwachifundo, analitembenuza ngati nesi, n'kulisiya.

"Silinapole ili."

"Lipolera komweko."

Anadzuka n'kupita kukhitchini. Chigoli chachisanu ndinachionera ndekha, ndipo anyamata a Canada atataya ndodo zawo m'mwamba n'kuunjikana pa goloboyi wawo, ndinalibe womuseka. Madzulo onse mwana wanga sanandiyankhule. Mbale zokha ndi zimene zinkayankhula m'sinki.

Lolemba m'mawa ananditengera yekha kokwerera basi. Titafika anazimitsa galimoto n'kunena kuti ndivule jekete. Ndinavula. Anatulutsa pulasitala wa kuchipatala, anamata mkati mwa kolala, n'kulembapo ndi cholembera chakuda dzina lake, nambala ya kunyumba ndi ya kuntchito. Analemba zilembo zikuluzikulu, akudinikiza ngati akulasa munthu.

"Mukawauze azungu anuwo kuti ikakhala nkhani, ayang'ane apa. Ndipo Lachitatu lililonse muziimba foni. Mukapanda kuimba ndibwera ndi apolisi."

"Apolisi a chiyani, ndaba ayezi?"

"Tsikani, Ababa, basi ikusiyani."

Ndinatsika. Masana omwewo ndinali pamakina, dzanja limodzi pachiwongolero, linalo m'thumba, pulasitala akundikanda pakhosi.